Chipepeso cha Bwana wa Kubanki

Kamtedza wa ku Chilobwe adamanga nyumba ndi ngongole ya kubanki, kenaka thumba lidabooka, miyezi n'kumadutsa osabweza. Bwana Chipwaila wa kubankiko adamuuza mosapsatira: "Loweruka ndibwera ndi ogula nyumbayi. Muyambiretu kumanga katundu, achimwene."

Loweruka bwanayo adafikadi ndi ampondamatiki ake, mimba patsogolo. Adapeza masamba pamsewu, amayi akuimba za maliro m'nyumba, abambo ali khuma panja. Nanga pamaliro n'kutsatsapo malonda? Adavula zipewa, nakhala pabenchi.

Mbale ya chipepeso idayamba kuyenda, mlamu wake wa Kamtedza akulengeza mokweza dzina la woponya ndi ndalama yake. Apa ndiye padagona nkhani! Wolemera angalole mnzake amupose pagulu? Adakhuthula zikwama mopikisana, naye bwana Chipwaila adaponyamo ndi za mafuta zomwe.

Atatero adanong'ona: "Pepani kwambiri, achimwene. Kodi watisiya ndani?"

"Nyumbayi, bwana. Si paja munati ipita lero?" Kamtedza adapukuta msozi, nawapatsira mbale ija ndi manja awiri. "Koma mwaitsitsimutsa nokha. Werengani, zotsalira zonse zakwana. Risitiyo mulembe zooneka bwino."