Mkamwini Woweta Chule

Kalekale, agogo a agogo athu asanamere mano, padali munthu wina dzina lake Kamtedza. Kamtedzayu adali mkamwini. Adakwatira Nachisale nakakhala kwawo kwa mkaziyo, moyandikana ndi apongozi ake, aNankhoma.

Kulima ankalima. Kumanga ankamanga. Koma kuweta, ayi ndithu, adalibe nako dzanja.

Adaweta nkhuku, chitopa chidasesa. Adaweta mbuzi, fisi adanyamula. Adaweta nkhunda, zidasamukira kwa eni ena.

Paja mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Ndiye aNankhoma ankaima kuseri kwa mpanda, nkumayankhula ngati akuuza mphepo: "Akamwini a anzathu ali ndi makola. Wathu ali ndi zikhomo zokha."

Mawuwo adamulasa Kamtedza. Adati, "Ndikasaka chiweto chosadziwa chitopa, choti fisi akachiluma alavule." Basi, ulendo wa kudambo.

Kudambo adapeza chule wakhungu losalala, lonyowa, miyendo yaitali. Ameneyo ndiye chiswenene.

"Chiswenene, ndikuwete?"

"Undigwire kaye."

Kamtedza kuti agwire, chiswenene m'madzi chubwi! Kamtedza m'matope khu!

Adadzuka, adayenda. Adapeza kachule kozungulira ngati dzira, kankhope kokwinya. Ameneyo ndiye finye.

"Finye, ndikuwete?"

Finye adangofufuma, kufufuma, kufufuma, kenako nkudzikwirira m'dothi chobwerera m'mbuyo.

"Ayi," adatero Kamtedza, "apongozi amodzi akwana."

Pobwerera, pansi pa chipika, adapeza wina. Khungu louma, lanjerewere. Miyendo yaifupi. Mimba yotambalala. Uyu sadathawe, adangomuyang'ana duu.

"Nanga iwe ndiwe yani?"

"Ndine chule basi. Kudumpha ndimadumpha, koma pang'ono. Ndilibe kothamangira."

"Chitopa?"

"Sindichidziwa."

"Fisi?"

"Adandilawako kamodzi. Mpaka lero akulavulabe."

Kamtedza adaomba m'manja. "Ndikuwete?"

"Mundiwete. Koma mumvetsetse. Ndifuna mthunzi ndi madzi m'phale losaya. Chingwe ayi. Chakudya ndisaka ndekha. Ndipo mukandigwira muzisamba m'manja musanatikite m'maso."

Kamtedza adapita naye kunyumba. Adamuvundikirira chigoba cha mphika pansi pa nkhokwe, nasiya kakhomo. Dzuwa likapendeka, chule ankatuluka. Chiswe chikadutsa, lilime kapu! Mphemvu ikadutsa, lilime kapu! Chule adanenepa. Kamtedza ankakhala chogwada, kumuyang'anira, mtima uli mbee.

Nachisale ataona adaseka mpaka kugwira nthiti. Atatha kuseka adati, "Bambo, wetani. Koma chonde, musauze anthu."

Koma mowa susunga chinsinsi. Tsiku lina kumowa, chipanda chitazungulira kachitatu, Kamtedza adadziguguda pachifuwa.

"Ine ndili ndi chiweto! Chonenepa! Sichidwala, sichifuna m'busa!"

"Mbuzi kodi?" adafunsa anzake.

"Mbuzi n'chiyaninso!"

Mawu alibe miyendo, koma adafika kwa aNankhoma iye asanafike pakhomo. Madzulo omwewo apongozi adaima kuseri kwa mpanda.

"Nachisale! Uwauze amuna akowo, mawa kubwera amalume ako. Chiweto chija chigwe, alendo adye."

Kamtedza thukuta kamu. "Nachisale, uwauze amayi kuti chikadali chaching'ono."

"Uwauze kuti tidya chaching'onocho."

"Uwauze kuti nyama yake njowawa."

"Uwauze kuti tithira chidulo."

Nachisale adali pakati, mutu uku, mutu uku, osauza aliyense kanthu.

M'mawa amalume adafika, aChidzanja, mlongo wawo wa aNankhoma. Apongozi adatenga mpeni ndi lichero, alendo pambuyo.

"Nachisale, khola lili kuti?"

Nachisale adaloza pansi pa nkhokwe, maso ali kumbali. Apongozi adadabwa, komabe adagwada. Adasuzumira. Adavundukula chigoba chija.

Chule adaphethira. "Mwadzuka bwanji, amayi?"

Mayo! Mpeni uko, lichero uko, apongozi chagada. AChidzanja adaseka. Adaseka mpaka misozi, adaseka mpaka kukhala pansi. Anthu adathamangira kudzaona, nawonso kuseka.

ANankhoma adadzuka akusasa fumbi, manyazi atasanduka ukali. "Nachisale! Uwauze amuna akowo amange mphasa yawo. Azipita kwawo lero lomwe, iwo ndi chiweto chawocho!"

Kuseka kudatha. Nachisale adayamba kulira. Kamtedza adalowa m'nyumba, napinda mphasa. Mkazi wake ankamukonda, ndipo kwawo kudali kutali.

Koma aChidzanja adali munthu wamaso. Ali chikhalire pansi paja, adagogoda mzati wa nkhokwe ya Kamtedza. Go, go, go! Wolimba. Adadzuka, adapita pa nkhokwe ya mlongo wawo. Adagogoda. Chala chidangolowa, dothi nkumayoyoka. Chiswe chokhachokha, nkhokwe yonse itapendama.

"Mlongo wanga, chimanga chako ukudya ndi yani?"

ANankhoma adawerama kuyang'ana mzati wodyekawo.

"Nanga kwa mkamwiniku chiswe chidapita kuti?"

Chule adasisita mimba. "Chili muno."

Apongozi adayang'ana nkhokwe yawo. Adayang'ana chule. Adayang'ananso nkhokwe.

"Nachisale, uwauze amuna akowo kuti iwo azipita. Chule atsale."

Kamtedza adasenza mphasa, natuluka. Apongozi adatola chule m'lichero, ulendo kwawo. Adamumanga luzi kumwendo, nalimangirira pachikhomo kuti asathawe. Adamuika padzuwa kuti aothere. Adamudzoza mafuta a nsatsi kuti njerewere zithe. Adamuphikira phala, nkumamukakamiza ndi chala.

"Idya, mwanawe, ugwire ntchito."

Chule adatseka pakamwa. Apongozi atalowa kukatenga mchere, poganiza kuti phala lazizira, chule adakoka luzi lija, chikhomo nkuzuka. Adayamba ulendo. Dumphu, kupuma. Dumphu, kupuma.

Kamtedza sadafike patali. Adakhala pansi pa mtengo wa msuku kumalire a mudzi, dzanja lili patsaya. Atatukula maso, adaona chule akubwera, luzi likukhwekhwereka. Pambuyo pake apongozi, wefuwefu, lichero kumanja.

Apongozi ataona mkamwini adatembenuka msanga, kumulozetsa msana. Kamtedza naye adayang'ana kutchire.

"Chule, bwerera," adatero aNankhoma.

"Toto. Mbuye wanga ndi uyu. Sandimanga, sandidzoza, sandidyetsa phala."

"Ndikupatsa phale latsopano."

"Toto."

"Nanga chimanga changa?"

"Kumene apite iyeyu, kulinso chiswe."

ANankhoma adaunguza uku ndi uku. Nachisale woti amutume padalibe. Adatsokomola. Adakonza mpango. Adatsokomolanso.

"Chule, uwauze ambuye akowo kuti mphasayo yawalemera. Abwerere nayo kunyumba."

Kamtedza adatola mphasa yake. "Chule, uwauze amayi kuti ndamva. Ndipo uwauze kuti mizati ya nkhokwe ndiwadulira mawa."

"Chule, uwauze kuti ikhale ya muwanga."

"Nonsenu makutu muli nawo," adatero chule. "Wina andimasule, wina andinyamule. Ndatopa ine."

Adabwerera m'mudzi atatu. Apongozi patsogolo, chule ali m'lichero pamutu pawo ngati mkwatibwi. Kamtedza pambuyo ndi mphasa yake. Nachisale atawaona, misozi isanaume, adayambanso kuseka.

Kuyambira pamenepo chule ankagona kwa Kamtedza, nkumakasaka kwa apongozi. Mvula itagwa adaitana abale ake, nkhokwe iliyonse m'mudzimo idapeza mlonda wake. Anthu akafunsa aNankhoma kuti kodi mkamwini uja adapita, ankayankha ali nkhope gwa: "Alipo. Tikumusunga chifukwa cha chule."

Wamva, mphwanga? Chiweto cha mnzako usachiseke usanadziwe ntchito yake. Ndipo ukaweta kanthu, yamba wafunsa chimene kamafuna, usakadyetse chimene umakonda iwe. Koma kumowa, tseka pakamwa.

Nthano yanga yathera pomwepo, yatsamira mzati wa nkhokwe.