Masipika a Bambo Kapito pa Chinkhoswe

Amene akuti ndine wabodza atuluke pompano, otsala tcherani khutu, ndikuuzeni kumene kunabadwira mwambi wa ng'oma.

Ku Mchesi kunali telala wina, Bambo Kapito, amene anabwera ndi masipika awiri kuchokera ku Joni. Masipikawo anali a pabalaza, oyendera kaampu kawo kakang'ono kokwezera mawu, ndipo akamalira umamva ndi mpweya womwe wa woimbayo. Mayi Nachisale, akazi awo, ankawapukuta ngati ana.

Itafika sabata ya chinkhoswe cha mwana wawo Tiyamike, Kapito anamva kuti akuchimuna akuchokera ku Kawale, kumene amati nyimbo yosagwedeza malata si nyimbo. Manyazi anawagwira. Anakabwereka chiampu cha pamisonkhano ya pabwalo, cholemera mpaka kuchikweza pa wilibala. Mwini wake anawachenjeza kuti ampu ndi sipika amazikwatitsa zolingana mphamvu, pakuti m'kati mwa sipika muli kachikopa ka pepala chabe. Kapito anangoseka, amvekere injini ya lole ukaiika m'galimoto yaing'ono ndiye imathamanga bwino.

"Bambo a Tiyamike, masipika aja ndi a m'nyumba," anatero Nachisale. "Mukawasenzetsa mtolo wa eni, muvina nokha."

Tsikulo linafika, ndipo ayi ndithu, zinalira! Mawindo ananjenjemera, makapu akuyenda okha pa tebulo. Akuchimuna anagwedeza mitu, Kapito chifuwa tutumu! Atsikana ofunda zitenje atayamba kutuluka kuti mkwati aloze wake, Kapito anapotokola kabatani ka chiampu chija mpaka kumapeto. Kunamveka phwaa! Kenaka kununkha kwa waya wopsa, basi zii. Tambala amene nkhoswe ya akuchimuna inanyamula anakomokera m'manja.

Tiyamike anaima pakati pa bwalo, mwendo m'mwamba, chitenje kumutu, osadziwa kuti apite kapena abwerere. Nachisale ndiwo anayambitsa nyimbo ya pakamwa, amayi n'kuwomba m'manja mpaka mkwati analoza wake. Potola zidutswa za pepala la m'sipika lija, nkhoswe ya akuchimuna inati, "Pepani achimwene, ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika."

Ndiye kuti chinthu, kaya munthu, ukachikakamiza kupitirira mphamvu zake pofuna kutamandidwa, chimatha msanga, ulemu womwe umaufunawo n'kupita nawo limodzi.

Tsono za tambala kukomoka ndathiramo ndine. Anangothawira ku Kawale, ndipo akumufunabe.