Tsiku Limene Yotamu Adapikisana ndi Apongozi Ake

Khalani pansi, ana inu, ndipo amene akutafuna nzimbe kumbuyoko ayambe walavula. Lero ndikuuzani kumene kudachokera mwambi wina umene mumaumva kawirikawiri. Mukakafunsa akuluakulu kwanu, akakuuzani kuti mwambiwo ndi wakale kuposa galimoto. Musakakangane nawo, mwina akunena zoona. Koma ine nkhani yanga ndi iyi ndipo sindiisintha, chifukwa mchenga wa tsikulo udandilowa m'maso ndi m'kamwa momwe.

M'mudzi wina kuno ku Kasungu mudali mkamwini dzina lake Yotamu. Kwawo kudali ku Mponela, ntchito yake umakaniko, ndipo ine ndidali nkhoswe yake. Adakwatira Esinta, mtsikana wochangamuka, wosabisa mawu, ndipo adali ndi mwana mmodzi dzina lake Zione. Monga mukudziwa, mkamwini amakhala kwawo kwa mkazi mpaka mwini mbumba atamulola kutenga mkaziyo kupita naye kwawo. Kumeneko ndiye timati chitengwa. Mwini mbumba pamenepo adali a Kalilangwe, amalume ake a Esinta, munthu wamkulu amene adathera unyamata wake akuyendetsa malole kupita ku Beira ndi ku Joni.

Ulemu wa Yotamu, ndikuuzeni, udali wotopetsa. Akaona a Kalilangwe akubwera poteropo, ankapatuka m'njira n'kunjuta, chipewa chili m'manja. Iwo ali pomwepo, iye pampando sankakhala. Akawapeza pamsewu ndi galimoto, ankangotsatira pambuyo akudya fumbi lawo mpaka kukafika, ngakhale iwo aziyenda ngati ngolo. Anthu ankamutama, ndipo amayi a m'mudzimo ankauza akamwini awo kuti atengereko chitsanzo.

Chaka chimenecho mkulu wake wa Yotamu adamupezera malo a galaja m'mphepete mwa msewu waukulu ku Mponela. Mwini malowo adanena mosapita m'mbali kuti Yotamu akapanda kufika mvula isanagwe, malowo apatsa wina. Amene adalakalaka kwambiri ulendowu adali Esinta. Iye ankasoka zovala, koma m'mudzimo omusoketsa adali omwewomwewo, obwera ndi zigamba basi. Choncho ndidavala jekete langa n'kupita kwa a Kalilangwe kukapempha chitengwa.

Ndidawapeza atalowetsa mutu m'boneti ya pikapu yawo. Adamvetsera zonse bwinobwino, kenaka adaseka.

"Mkamwini ndi mlamba ndithu, sachedwa kuterereka," adatero. "Nanga akapita, galimotoyi azindikonzera ndani? Chabwino, ankhoswe, tichite chonchi. Ndakhala ndikumva kagalimoto kake kakubangula kuseri kwa nkhokwe uko. Loweruka likubwerali abwere nako ku bwalo la ndege. Akandipitirira pa migolo, atenge mkazi wake, ndimupatsanso mbuzi ya kamba wa panjira. Ndikamupitirira ndine, alime kuno dzinja lina."

"Za chitengwa n'kumakazikambira ku masewero?" ndidafunsa.

"Ndanena ndanena, ankhoswe. Kamuuzeni."

Bwalo la ndegelo lidali la esiteti ina ya fodya imene idatsekedwa kalekale. Ndege zidaleka kuterapo, phula silidathiridwepo ndi kale lomwe, padangokhala mchenga woyera, wowongoka ngati chingwe. Chaka chilichonse anthu akagulitsa fodya, eni magalimoto ankakumana kumeneko kukachita mpikisano umene achinyamata amati dilagi. Si mpikisano wozungulirazungulira ayi. Magalimoto awiri amaima pamzere umodzi, munthu amatsitsa mbendera, ndipo onse amathamangira ku migolo iwiri yoimikidwa chapatali pang'ono. Palibe kona, palibe kubwerera. Ukaphethira kangapo, zatha. Ndichenjezeretu anyamata amene maso awo ayamba kuwalawo. Zimenezi zimachitikira pamalo otchingidwa, woyendetsa atavala chipewa cholimba ndi kumanga lamba. Ndikadzamva kuti wina wayesera pamsewu wa anthu, ndidzamufikira kwawo.

Yotamu adali asanapikisanepo chibadwire. Koma kagalimoto adali nako, kakale, kobiriwira, kamene adakagula katafa. Adachotsamo injini yake n'kuikamo ina yaikulu ya galimoto imene idachita ngozi. Adachotsanso mipando ya kumbuyo, makapeti, ngakhale wayilesi, kuti kapepuke. Paipi ya utsi adaidula, moti akakaliza, nkhuku zinkaulukira padenga ndipo agalu ankauwa mudzi wonse. Nditamuuza mawu a apongozi ake adalumpha ndi chimwemwe. Masiku otsalawo sankadya mokhazikika, ankangoseka yekha, manja ali bii ndi oyilo.

Lachisanu masana ndidamupeza akuphwetsa matayala pang'ono kuti akagwire bwino mchenga. Esinta adali ataima pambali, Zione ali kumbuyo.

"Bambo a Zione, mawa mbendera ikatsika muchita chiyani?" adafunsa Esinta.

"Ndinyamuka, mayi."

"Nthawi yomweyo?"

Yotamu adakanda m'mutu. "Ndiwapatsa kampata pang'ono chabe. Ajatu ndi apongozi. Ndingalumphe patsogolo pawo anthu onse akuona? Azikati mkamwini wa kwa a Kalilangwe ndi wamwano. Musade nkhawa, pikapu yawo amakonza ndine, mphamvu zake ndimazidziwa. Ndikawapeza pakati, ndikawapitirira mwaulemu."

"Kupitirira kwaulemu ndiye kotani?" adatero Esinta. "Ulemu wanuwo mawa muusiye pakhomo pano, mudzaupeza pobwera."

Inenso ndidamuuza chimodzimodzi. Adagwedeza mutu kuvomera, monga amachitira anthu amene sakumva.

Loweruka kudacha bwino. Anthu adabwera wapansi, panjinga, pangolo, ena atadzazana m'malole. Amayi ankagulitsa zitumbuwa ndi thobwa, ana atadzaza m'mitengo ya mango. Mainjini ankalira uku ndi uku mpaka pansi pankachita kunjenjemera, fungo la petulo lili ponseponse. Ine, munthu wamkulu ndi jekete langa, ndidangopezeka ndikukuwa nawo osadziwa kuti ndikukuwira ndani.

Poti Yotamu adali mlendo pa masewerowa, adayamba amupikisanitsa ndi mnyamata wina wa ku boma, wa galimoto yofiira yonyezimira. Ali pamzere ndidapita kukasuzumira pawindo la Yotamu. Thukuta lidali kamukamu.

"Ankhoswe, malovu auma," adatero. "Kodi nditathawa pano anthu angandiseke?"

"Angakuseke mpaka Khirisimasi. Khala momwemo."

Mbendera idatsika, ndipo onse awiri adanyamukira limodzi. Kagalimoto kobiriwira kadatukula mphuno, kadagwedeza matako kamodzi, n'kuwongoka. Giya yachiwiri, yachitatu, fumbi koboo. Pofika pa migolo, yofiira ija idali itatsalira kutali ngati yaima kuti ikweze munthu. Bwalo lonse lidangoti wuu, nthungululu ndi malikhweru. Yotamu adatuluka akuseka ngati mwana.

"Mtima ndinausiya pamzere paja, wachita kundipeza pa migolo," adatero akupumira m'mwamba. "Ankhoswe, mpandowu umachita kukukankha kumsana ngati munthu. Mitengo yonse imangosanduka mzere umodzi. Ndikufunanso."

Esinta adavina pamchengapo, mpango uli m'manja. Ine ndidakondwa ndi mtima wanga wonse, ndipo ndidayamba kale kuganiza za lole yodzanyamula katundu wawo.

Dzuwa litapendeka adaitana a Kalilangwe ndi mkamwini wawo. Nkhani ya chitengwa idali itawanda kale, choncho ngakhale ogulitsa zitumbuwa adasiya madengu awo n'kuthamangira kutsogolo. Pikapu idaima kumanja, kobiriwira kumanzere. A Kalilangwe adatulutsa mutu pawindo.

"Akamwini, mwakonzeka?"

"Ndakonzeka, apongozi," adayankha Yotamu maso ali pansi.

Mbendera idakwera. Mainjini awiri ankabuula. Mbendera idatsika.

Pikapu idalumpha. Kobiriwira kadaima. Ndidamuona ndi maso angawa Yotamu akuweramitsa mutu pa chiwongolero, monga ankachitira akakumana ndi apongozi ake m'njira. Sikadali kanthawi kakatali, kudali kupuma kamodzi basi. Kenaka adaponda moto wonse.

Apa ndi pamene mchenga udaonetsa khalidwe lake. Pa phula ukachedwa umangoponda, galimoto imagwira n'kumapita. Pamchenga ukaponda mwaukali matayala amakumba. Kagalimoto kaja kadalira pamalo amodzi kakudzikumbira dzenje, ndipo mchenga wochokera ku matayala a pikapu udawazikira pagalasi, kutsogolo osaoneka.

"Tiyeni, bambo a Zione, tiyeni!" adakuwa Esinta.

Matayala adagwira. Ana inu, liwiro lotero sindidalionenso, la mtondo wadooka lenileni. Kobiriwira kadayamba kudya mtunda ngati kakwiya. Anthu adathamanga m'mbali mwa bwalo akukuwa dzina la Yotamu, ana m'mitengo akugwedeza nthambi. Mphuno ya kagalimoto idafika pa tayala lakumbuyo la pikapu. Idafika pa chitseko. Ine chipewa changa chidagwa, wina adachiponda, sindidasamale. Koma migolo idafika msanga. Pikapu idadutsa itatsogola ndi kampata kosakwana mkono. Atangodutsa migoloyo, kobiriwira kadaipitirira pikapu ngati yaima, koma zimenezo palibe adaziwerengera.

A Kalilangwe adatuluka m'galimoto nkhope itagwa, ngati si iwo apambana. Adayenda mpaka pamene padaima mkamwini wawo, ife tonse tikuwatsatira.

"Akamwini, munaima chifukwa chiyani?"

Yotamu adanjuta pamchenga potenthapo. "Ndimati mutsogole, apongozi. Ndinu akulu."

"Anakuuzani ndani kuti ndimafuna kuperekezedwa ngati mkwatibwi? Ndinakuitanani kuti tipikisane. Mukadanyamuka nane, bwenzi mutandisiya ndisanalowetse giya yachitatu, ndipo mbuzi ija ndikadakupatsani ndikuseka. Tsopano anthu azinena kuti Kalilangwe anachita kupatsidwa ndi mkamwini."

Ndidapita pafupi n'kuwomba m'manja, kupempha kuti abwereze.

"Mbendera imatsika kamodzi, ankhoswe," adatero. "Mawu aja amveka mudzi wonse. Ndiwameze bwanji?"

Esinta sadalire. Adadutsa pakati pa anthu, Zione ali kumbuyo, n'kukaima patsogolo pa mwamuna wake.

"Dzukani, bambo a Zione, mwanjuta mokwanira," adatero motsitsa mawu. "Anthu onsewa mukuwaona? Palibe amene akunena kuti ndinu waulemu. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi."

Amene adali pafupi adamva, adauza akumbuyo, ndipo pomwazikana aliyense adatenga mawuwo kupita nawo kwawo.

M'mawa mwake ndidadzera pakhomo pawo. Ndidapeza Esinta akumasula makina ake osokera, amene adali atawakulunga kale m'chiguduli n'kumanga ndi zingwe kudikira ulendo. Adawakokera yekha pakhonde pamene ankakhala kale, adawapukuta fumbi, n'kutenga buluku la munthu lofuna chigamba. Zidandiwawa kwambiri. Sipadapite nthawi mvula idagwa, ndipo uthenga udabwera wochokera ku Mponela kuti malo a galaja aja apatsa wina.

Tsono mwambi ndi umenewo: liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Tanthauzo lake ndi lakuti pa ntchito yovuta, imene aliyense akulimbana nayo, yamba pamene anzako akuyamba. Mumchenga mwendo umatitimira, munthu sungathamange mmene umafunira, ndipo amene watsogola sumupeza wamba ngakhale utakhala waliwiro kumuposa. Mvula yoyamba ikagwa, dzala pamodzi ndi anzako. Sukulu ikatsegulidwa, yamba kuwerenga sabata yomweyo, osati kumati ndine wanzeru ndidzawapeza mayeso akayandikira. Musandimve molakwa, ulemu ndi wabwino, ndipo ndikufuna kuuona pa inu tsiku lililonse. Koma uli ndi malo ake, m'njira, pakhomo, pa mphasa. Pamzere woyambira wamkulu ndi wamng'ono amanyamukira pamodzi. Yotamu adali ndi injini yabwino kuposa onse pabwalo lija, koma dzinja limenelo adalima munda wa apongozi ake.