Elliam Apalira M'thanki

Pa loji ina ku Liwonde panali thanki yagalasi ya madzi amchere, momwe eni ake, Mayi Hellen, ankaweta makorali, tamoyo ta kunyanja yaikulu tomera pamwala ngati maluwa. Woisamala anali Elliam wa kwa Kalembo, bambo wokulira pakhasu, amene udzu unkamuyabwa m'maso ngakhale uli m'munda wa eni.

Mmawa wina pamwala panamera kanthu kofiirira ka timanja tambirimbiri. Timanjato tinkagwedera ngakhale madzi ali bata. Elliam atayandikira, kanalowa mumng'ankha wa mwala ngati kamuona.

"Ameneyu ndi mdani, amaluma makorali mpaka afe," anatero Mayi Hellen akulongedza ulendo wa mwezi wathunthu. "Musamudule, a Elliam. Muzimitse pampu yoyendetsa madziyi, mukhale phee mpaka ayasamule, ndiye mumuthire madzi a mandimu m'kamwa ndi jekeseni. Makorali akafa, ntchito yanu yafanso."

"Iyayi madamu, musadandaule. Udzu ndi ine timadziwana kalekale."

Tsiku loyamba anadikiradi, koma akangosendeza dzanja kanthuko kankabisala. Lachiwiri mtima unamupsa. Munthu wa ndevu zake n'kumanyengerera udzu! Anatenga lezala n'kupala mwala mpaka mbee, tizidutswa n'kumwazikana m'madzi. Mkuluyu ankati wapalira, osadziwa kuti wafesa, pakuti kachidutswa kalikonse kanali mbewu.

Sabata ziwiri zisanathe anawerenga tizinthuto makumi awiri. Anapalanso. Pamenepo tinamera ponseponse, pamiyala, pagalasi, mpaka m'paipi ya pampu. Akalowa m'chipinda cha thankiyo tonse tinkanyala nthawi imodzi, ndipo akatembenuka msana unkamuuza kuti tatuluka. Wophika wa palojipo anayamba kulambalala khomo limenelo, ati zinthu zimene zimachuluka ukazipha si za dziko lino. Elliam anachita mantha zedi, koma yankho lake linali lezala yomweyo.

Mayi Hellen atabwera anapeza makorali ayera mbuu ngati mafupa.

"Munadula?"

"Ndinangopalira, madamu."

Mayiwo sanakalipe. Anazimitsa pampu, nakoka mipando iwiri.

"Khalani apa. Musagwedezeke."

Madzi anati zii. Patapita nthawi ndithu, kamodzi kanasuzumira, kenako kena, mpaka miyala yonse inaphuka. Pakati pa timanja ta kalikonse panali kakamwa koyasamula, malo enieni a jekeseni, amene Elliam anali asanawaonepo mwezi wonsewo. Tikamwa mazanamazana tinali titaloza kwa iye.

"Ndikuchoka kanali kamodzi," anatero mayiwo motsitsa. "Makiyi musiye patebulo."

Elliam anakwera kabaza madzulo omwewo, ulendo wa kwa Kalembo. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.