Mzere wa Pakhonde la a Mansuri

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, galimoto yoyera inaima pakhomo pa kamzikiti ka mudzi wa Kherpura, m'dziko la India, ndipo munatsika a Zahiruddin Mansuri. Amenewa anakhalapo nduna ya zamadzi zaka khumi ndi zisanu. Unduna anali atausiya, koma mpando wa bungwe loyang'anira damu lalikulu la m'chigawocho anali akadaukakamira. Munthu wotere sapita yekha kwa shehe wa kumudzi, amatuma. Koma wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Anawapeza Shehe Abdul Baqi kuseri kwa mzikiti akutsuka thabwa losambitsirapo maliro ndi madzi a m'kachitini. Pafupi pomwepo panadutsa chipaipi chakuda chochokera kudamu kupita mumzinda, chikung'ung'udza. Atapatsana salamu, shehe anayala mphasa pamthunzi.

"Shehe, dzina langa mwina munaliwerengapo pamiyala ya madamu," anayamba a Mansuri. "Ndatumikira anthu moyo wanga wonse, ndipo sindinakanepo pepala la munthu wodandaula."

Apa sananame. M'masiku a unduna wawo, anthu ankafola mzere pakhonde lawo m'mawa uliwonse, aliyense ndi kalata yake. A Mansuri ankailandira ndi manja awiri, n'kuikhudzitsa pachipumi, n'kuipereka kumbuyo kwa mlembi wawo maso ali kale pa wotsatira. Anthu ankachoka akuwayamikira ulemu. Kumene makalatawo ankathera chimadziwa ndi chiswe.

"Allah alandire zabwino zanu," anatero shehe. "Nanga chakuyendetsani n'chiyani, bwana?"

A Mansuri anatsitsa mawu. Mantha amene anawabisira akunyumba kwawo zaka ziwiri anawatulukira pankhope.

"Mzere uja unabwereranso, Shehe. Masana aliwonse ndikatuluka pakhonde ndimawapeza atafola, mapepala m'manja. Salankhula, satuluka thukuta, alibe zithunzithunzi. Mkazi wanga amasesa podutsa pakati pawo osaona kanthu. Poyamba analipo makumi anayi ndi mmodzi. Ndinalimbikira mapemphero a swala, ndinapereka sadaka kwa osauka, ndipo anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Atsala asanu ndi awiri. Ndamva kuti ndinu munthu woopa Mulungu. Ndipatseni duwa, pemphero lothamangitsira majini otsalawo, poti enawo ndathana nawo ndekha."

Shehe anawafunsa:

"Pepala la mmodzi wa iwo munaliwerengapo?"

"Ndani angawerenge pepala la jini?"

"Nanga womaliza kuchoka anali wotani?"

"Mayi wachikulire, wotsimphina mwendo wamanzere, wa mpango wobiriwira wopserera m'mphepete. Zaka ziwiri ankaima wachitatu pamzere. Dzulo sanabwere."

Shehe anatembenukira thabwa lija, limene linali likudonthabe madzi. A Mansuri anayang'ana komweko.

"Amenewo ndi mayi Rukhsana," anatero shehe modekha. "Tawaika m'manda dzulo. Mpangowo unapserera tsiku limene ankasamuka kuchigwa. Madzi amene amayi anzawo anawasambitsira anakatungidwa mtunda wa maola awiri, pamutu. Awa ndikutsukirawa ndi otsala."

"Kuchigwa chiti?"

"Chimene chili pansi pa damu lanu, bwana. Mudzi uno ndi wa mabanja makumi anayi ndi limodzi amene munawasamutsa kuti mzinda umwe. Sanakane. Banja lililonse linangolemba kalata yopempha mpopi umodzi pachipaipi ichi, ndipo mkulu wa banja anabwera nayo yekha pakhonde lanu. Ambiri sankadziwa kulemba, choncho ndinawalembera ndine. Anabwerako akusimba kuti munawalandira ndi manja awiri."

A Mansuri anafuna kukumbukira dzina la Kherpura, koma m'mutu mwawo munalibe. Manyazi anawagwira kuposa mantha aja. Chipaipi chinapitiriza kung'ung'udza pambali pawo, chodzaza ndi madzi.

"Ndiye kuti otsala aja ali moyo?"

"Ali moyo, m'nyumba mukuzionazi. Wamng'ono mwa iwo ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri."

Apa mtima wa unduna uja unadzukanso pang'ono, poti munthu wozolowera kuwomberedwa m'manja savomera kugonja msanga.

"Komabe, Shehe, amene anachokawo anachoka mwamtendere. Palibe ananditukwana kapena kundiloza chala. Si chizindikiro chimenecho chakuti anandikhululukira?"

"Ndikufunseni kanthu kamodzi, bwana, poti za maofesi mumazidziwa ndinu. Ochokawo, mapepala awo anawasiya pakhonde?"

"Ayi. Aliyense anapita nalo lake."

"Nanga munthu akatopa kudikira pa ofesi yaing'ono, n'kuchoka mwakachetechete pepala lake lili m'manja, amakhala akupita nalo kuti?"

A Mansuri anaweramitsa mutu. Yankho ankalidziwa bwino lomwe: amapita nalo ku ofesi yaikulu.

"Duwa yowathamangitsira ndilibe," anatero shehe, "ndipo ndikanakhala nayo sindikanakupatsani. Anthu makumi atatu ndi anayi akapereka kale makalata awo kwa Woweruza amene amawerenga yekha, wopanda mlembi kumbuyo. Asanu ndi awiri otsalawo ndi chifundo cha Allah pa inu, chifukwa akadali ndi chikhulupiriro chakuti mungawayankhe. Musaope masana amene mukuwapeza atafola, bwana. Opani masana amene mudzatuluke n'kupeza khonde lili mbee."