Nkhope ya Woweruza pa Pepala Lobiriwira

Kalekale, kutsidya kwa nyanja ya mchere, m'dziko lina la ku Amerika, kunali munthu dzina lake Ezra Tilford. Anali wamtali, wosaseka, wokonda lamulo kuposa chakudya, ndipo kunena zoona ankadzimvanso kwambiri. Iyeyu ndiye anali nduna yosunga chuma cha boma pamene dzikolo linagawanika pawiri n'kuyamba kumenyana lokhalokha.

Chisanathe chaka golide yense wa boma anatha, ndipo asilikali anayamba kuthawa ndi njala. Lamulo lalikulu la dzikolo linkati ndalama ndi golide ndi siliva basi. Tilford ankalidziwa pamtima lamulolo, koma anatsinzina n'kulamula kuti asindikize mapepala obiriwira, aliyense aziwalandira ngati ndalama. Pa pepala lililonse anaikapo nkhope yake, ngati kuti m'dziko monsemo munasowa nkhope ina. Mapepalawo anadyetsa asilikali, nkhondo inatha, dziko linalumikizananso.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, Tilford ali woweruza wamkulu, kubwalo kwake kunafika mlandu wa mayi wochapa zovala, dzina lake Keziya. Mayiyu anadziombola yekha mu ukapolo, ndipo nkhondo isanayambe anapangana ndi Maddox, mwini minda ya thonje, mtengo woombolera mwana wake wamkazi, Dorika. Anachapa zovala za asilikali mpaka zala kung'ambika, nalipira ndi mapepala obiriwira aja. Tsopano Maddox ankati sanalipidwe, pakuti pangano linali la ndalama, ndipo pepala si ndalama. Mapepalawo Maddox anabwera nawo onse m'bokosi. Ngolo yake inaima pakhomo pa bwalo, unyolo womangira Dorika uli pamwamba pa katundu, ndipo sanavutike n'kuubisa komwe.

Oweruza anzake anayi anagawanika, awiri uku, awiri uko. Mawu otsiriza anatsala ndi Tilford. Chigamulo chisanaperekedwe, anthu atatu anamupeza.

Woyamba anali Keziya, amene anamudikirira pachipata. Sanalire. Anamasula kansalu, natulutsa pepala limodzi lothaitha lomwe linamutsalira. "Bwana, ine kuwerenga sindidziwa. Ndinakhulupirira nkhope iyi. Ngati inandinamiza, mundiuze mukundiyang'ana."

Wachiwiri anali Obadiya, mmisiri wokalamba amene anagoba nkhope ija pachitsulo chosindikizira. Anamuuza kuti makina osindikizira ndalama aja sanatayidwe: sabata yomweyo a boma anamutuma kuti awathire mafuta, ndipo mapepala osalemba anali atadzaza zipinda zitatu. Akuluakulu a boma ankafuna nkhondo ina, yokalanda dziko la mitundu ya kumadzulo, koma golide analibe. "Akungodikira pakamwa panu," anatero Obadiya. "Mukati pepala ndi ndalama, m'mawa mwake ine ndisindikiza, ndipo midzi ya kumadzulo ija ipsa ndi ana omwe."

Wachitatu anali Rudd, mkulu wa asilikali, munthu womwetulira ngakhale pamaliro. Anayamba n'kumutamanda Tilford kuti ndiye anapulumutsa dziko. Kenaka anamukumbutsa mofatsa kuti akakana mapepalawo adzakhala atadzitsutsa yekha pamaso pa anthu kuti anaswa lamulo. Potuluka anatembenuka pakhomo. "Komanso mipando ya oweruza imaonjezereka, bwana. Tikaikapo awiri athu, chaka chamawa chigamulo chanu chidzagwa. Koma kamtsikana kaja kadzakhala katagulitsidwa kale kum'mwera." Mwina ankangomuopseza, mwina ayi, Tilford sakanatha kudziwa.

Tsiku lachigamulo bwalo linadzaza mpaka m'mawindo. Dorika anakhala pafupi ndi mayi ake, kamtolo ka zovala kali pamwendo, pakuti Keziya anali atamumangira kale. Chakumunsi kwa msewu kunkamveka kugunda kwa makina aja akuwayesa. Tilford anachita mantha, mantha enieni amene sanawamvepo ngakhale pankhondo. Anatsegula buku la lamulo lalikulu, ndipo mawu anali omwe aja: golide ndi siliva basi. Pambali pa bukulo panali bokosi la Maddox lotsegula, nkhope yake yomwe ikumuyang'ana kuchokera pa pepala lililonse. Anaimirira kuti agamule.

Ine ndilekera pomwepa, chifukwa nanenso mutu wandiima. Akati pepala ndi ndalama, Dorika apita kwawo, koma lamulo laswekanso kachiwiri ndipo midzi imene iye sanaionepo ipsa. Akati pepala si ndalama, makina aima, mwina kwa chaka chimodzi chokha, ndipo mwana wa mayi amene anakhulupirira nkhope yake akwera ngolo ija. Nanga inu, mukanakhala mutaima pamene anaima Tilford, Keziya akukuyang'anani m'maso, mukanagamula kuti chiyani?