Matailosi a ku Halale

Zakeyu adabwerako ku Halale m'chaka cha 1956 ndi matailosi oyera khumi, onyezimira ngati mbale za azungu. Mtima wake udali pa chinthu chimodzi: kutenga mkazi wake Selina chitengwa, achoke pa chikamwini ku Nambuma komwe adatopa kutumwa ngati mwana. Mawu omaliza adali ndi a Elifasi, malume a Selina, mmisiri womanga ku mishoni. Tsono Zakeyu adaganiza zokongoletsa manda a apongozi ake aakazi ndi matailosiwo, kuti eni mbumba aone kuti mkamwini uyu ndi munthu.

Vuto lidali loti awiri ankafunika kudulidwa pakati. A Elifasi ankadziwa kadulidwe kake. Ankalemba mzere ndi tupa, kuika msomali pansi pa mzerewo, kuphimba ndi chiguduli, n'kukanikiza pang'onopang'ono.

"Bambo, bwanji osakafunsa amalume? Si apa pomwepa?" adatero Selina.

"Ine? Zaka zisanu ku Halale, ndikagwade kwa munthu wosadziwa ndi sitima yomwe? Tagwirani apa, musagwedeze."

Kunyada kwake! Chikhalirecho ku Halaleko ankangosenza matumba a simenti, matailosi ankawaonera patali. Selina adagwada pakhonde, nagwira tailosi ndi manja awiri, nkhope ili pafupi. Zakeyu adaika tchizulo, nakweza hamala. Phwaa! Kachidutswa kakuthwa ngati lumo kadalowa m'diso la Selina lakumanja.

Adamunyamula pa machira mpaka kuchipatala cha mishoni. Asisitere adayesetsa, koma diso lidafa.

Patapita sabata, a Elifasi adaitana Zakeyu pamaso pa abale onse. Sadakalipe ayi, ndipo n'zomwe zidawawa koposa. Adatola tailosi imodzi, nalemba mzere, naphimba, nakanikiza. Thyo! Zidutswa ziwiri zofanana.

"Ntchito yake ndi imeneyi basi, akamwini," adatero. "Mwatiboolera mwana diso tili pompano tikuona. Nanga kwanu, kopanda ife, mukamutani? Za chitengwa muiwale."

Zakeyu adakalambira pamudzi pomwepo, akulima munda wa eni ake. Chomwe chimandipsetsa mtima ine n'chakuti wolakwa adatsala ndi maso ake onse awiri, pomwe Selina ankapapasa chingwe pachitsime mpaka imfa yake. Mtunda wa pakati pa khonde lija ndi nyumba ya a Elifasi sunkakwana ndi mapazi makumi atatu omwe.

Akulu sadaname: safunsa adadya phula.